Mwala wooneka ngati fupa: mafunso ndi mayankho okhudza ma fossil

Mvula ikakokolola m'zigwembe, mafunso amayamba kubwera. Wina watola mwala kumunda wooneka ngati bondo la ng'ombe, wina mwana wake wabwera kobusa mbuzi ndi "dzino la chinjoka" m'thumba la kabudula. Mafunsowo amakhala omwewo chaka ndi chaka, ndiye tawaika pamodzi pano. Zitsanzo zambiri tazitenga ku Karonga, chifukwa kumeneko n'kumene miyala ya dziko lino yaulula zambiri.

Kodi fossil n'chiyani kwenikweni?

Ndi chotsalira cha chamoyo chakalekale chomwe chinasungika m'miyala: fupa, dzino, chigoba cha nkhono, thunthu la mtengo, chidindo cha tsamba. Nthawi zina chamoyocho sichioneka n'komwe, koma chinasiya chizindikiro, monga mapazi pamatope omwe pambuyo pake anauma n'kukhala thanthwe, una, ngakhale ndowe. Zonsezi ndi ma fossil. Mbiya, mikanda ndi nkhwangwa zamiyala sizili m'gululi, chifukwa zimenezo anazipanga ndi manja a munthu.

Fupa limasanduka bwanji mwala?

Nyama zambiri zikafa sizisiya kanthu. Afisi, chiswe, dzuwa ndi mvula zimamaliza zonse m'zaka zochepa. Kuti fupa lipulumuke liyenera kukwiririka msanga, ndipo malo abwino ndi m'mchenga wa mtsinje wosefukira kapena m'matope a pansi pa nyanja.

Likakwiririka, madzi a m'nthaka amalowa m'timabowo ta fupalo atanyamula mchere wa m'miyala wosungunuka. Mcherewo umatsalira m'timabowomo pang'onopang'ono mpaka tonse titadzaza. Nthawi zina umachita kulowa m'malo mwa fupa lenilenilo, kachidutswa ndi kachidutswa, koma maonekedwe osasintha. Umene umapezeka kawirikawiri ndi silica, yemweyo ali mu nsangalabwi, ndi calcite, wa m'mwala wa laimu. Mtundu umachokeranso kumeneko: chitsulo chimafiiritsa kapena kupereka mtundu wa dzimbiri, manganese amadetsa bii. Choncho mtundu wa fupa umakuuzani za nthaka imene linagonamo, osati za msinkhu wake kapena nyama yake.

Chigoba cha nkhono chimatha kusungunuka chonse n'kusiya mphako yooneka ndendende ngati icho, ngati chikombole cha njerwa. Matope akadzaza mphakoyo mumapeza nkhono yamwala yomwe ilibe chigoba ngakhale pang'ono.

Kodi ku Malawi kuno zimenezi ziliko, kapena n'za pa TV basi?

Ziliko, ndipo zina n'zodziwika padziko lonse. M'ma 1920 katswiri wa miyala Frank Dixey anasonkhanitsa mafupa akuluakulu m'boma la Karonga, ndipo mu 1928 Sidney Haughton wa ku South Africa anawalemba kuti ndi a dinosaur, chinyama chakalekale chomwe mtundu wake unatha. Gulu la katswiri Louis Jacobs wa ku Dallas ku America, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, linabwerera kumeneko kuyambira mu 1984 n'kukumba kudera la Mwakasyunguti, ndipo mu 1993 nyamayo inapatsidwa dzina loti Malawisaurus dixeyi. Inali ya khosi lalitali, yodya masamba, ndipo inakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Dr. Elizabeth Gomani-Chindebvu, Mmalawi yemwe anaphunzira ntchitoyi pa mafupa omwewa, anafotokoza kang'ona kakang'ono kotchedwa Malawisuchus mu 1997, komwe mano ake amafanana ndi a nyama zoyamwitsa, ndi dinosaur wina, Karongasaurus, mu 2005.

Kufupi ndi nyanja kuli miyala ina yaing'ono msinkhu, ya Chiwondo. Ku Uraha mu 1991 kunapezeka nsagwada ya munthu wakale, Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo ku Malema mu 1996 kunapezeka chidutswa cha nsagwada ya Paranthropus boisei, wachibale wina wakale wa munthu. Ku Chiweta, m'munsi mwa Livingstonia, kuli zakale kuposa zonsezi: zigaza za nyama zomwe zinkayenda dziko lino ma dinosaur asanabwere, zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo. Amene akufuna kuona ndi maso apite ku Cultural and Museum Centre Karonga, yomwe inatsekulidwa mu 2004. Chifanizo cha mafupa onse a Malawisaurus chaimikidwa mmenemo.

Miyala siidziwa malire a mayiko. Ya mtundu wa ku Chiweta imapezekanso m'chigwa cha Luangwa ku Zambia ndi ku Metangula, kutsidya kwa nyanja ku Mozambique.

Ine ndimakhala ku Lilongwe. Bwanji sindinapezepo kanthu?

Si diso lanu, ndi thanthwe lomwe mwaponda. Gawo lalikulu la Malawi lili pa miyala yolimba, yakale zedi, yotchedwa gneiss ndi granite, yomwe inaphikidwa ndi kufinyidwa pansi pa dziko nyama za mafupa zisanakhaleko. Mapiri a Mulanje ndi Zomba ndi mwala wosungunuka womwe unazizirira pansi. M'moto wotero simungatsale fupa.

Funani miyala yoyalana ngati zigawo za mkate, yomwe mukaipala ndi mpeni imayoyoka mchenga kapena dongo. Imeneyo inali matope ndi mchenga. Kwathu kuno imapezeka makamaka ku Karonga, ku Rumphi kudera la migodi ya malasha, ndi ku Chigwa cha Shire. Pafupi ndi malasha, miyala yotuwa yong'ambika mapale imasunga masamba a mtengo wotchedwa Glossopteris, ooneka ngati lilime. Masamba omwewa amapezeka ku India, ku Australia, ku South America ndi ku Antarctica, ndipo ndi umodzi mwa umboni woti maiko amenewa anali chimodzi.

Ndingasiyanitse bwanji fupa lakale ndi mwala wamba?

Yambani ndi pamene pathyoka, osati maonekedwe a kunja. Anthu ambiri amanyengeka ndi kaumbidwe: mwala uli ndi mutu wobulungira, ndiye basi ndi fupa la ntchafu. Mtsinje umaumba miyala m'njira zambirimbiri, ndipo mukatola 100, umodzi udzafanana ndi chinachake.

Fupa lili ndi kamangidwe kake. Kunja kuli chikhungwa cholimba, chosalala, chokhala ndi timizere tating'ono toyenda m'litali. M'kati muli timabowo tambiri ngati siponji kapena chisa cha njuchi. Ngakhale timabowoto titadzaza ndi mchere wa miyala, timaonekabe ngati timadontho ta mtundu wina. Njira yabwino yophunzirira ndi yotsika mtengo: tengani fupa la ng'ombe lomwe mwamaliza kuphika, liumitseni, liswereni pakati, muliyang'anitsitse. Mwala wamba umakhala chimodzimodzi kunja ndi m'kati, kapena umaonetsa timchenga ndi tonyezimira tosakanikirana.

Dzino n'losavuta. Kumutu kwake kumakhala konyezimira ngati mbale yadothi yopakidwa, ndipo kumeneko n'kolimba kuposa fupa lililonse, n'chifukwa chake mano amapezeka kwambiri. Komaliza, yang'anani pozungulira. Pomwe pali fupa limodzi pamakhala tizidutswa tina totsetsereka m'munsi mwa chigwembe. Titsateni chokwera, ndipo pomwe tathera m'pamene mwini wake wagona.

Ndinamva zoti ukanyambita, fupa limamata lilime. N'zoona?

Zoona pang'ono. Timabowo ta fupa timayamwa malovu, lilime n'kumamatira. Koma fupa lomwe timabowo take tinadzaza silimata, pomwe dongo louma, phale ndi choko zimamata bwino lomwe. Ndiponso sitikulimbikitsa. Miyala ina ya ku Karonga ili ndi uranium, mchere wa m'miyala woopsa ku thanzi, yemwe anachititsa kuti ku Kayelekera kukhale mgodi, ndipo mafupa ndi mitengo yokwiririka imakonda kumukoka. Nyowetsani chala, mukhudze. Yankho lake n'lomwelo.

Nanga ndidziwa bwanji kuti si fupa la ng'ombe yomwe inafa zaka zisanu zapitazo?

Linyamuleni. Fupa laposachedwa louma n'lopepuka, lotuwa ngati choko, losweka m'litali ngati nkhuni. Losanduka mwala limalemera kuposa mmene diso limayembekezera, limazizira m'manja, ndipo mukaligogoda ndi kachitsulo limalira ngati mbale, osati ngati thabwa. Likathyoka limaduka chopingasa, ngati bisiketi.

Ena amawotcha kansonga ndi machesi: laposachedwa limanunkha ngati tsitsi lopserera chifukwa likadali ndi zamnofu m'kati. Njirayi imagwira, koma imaononga, ndipo fupa la zaka mazana angapo limatha kusanunkha. Funso lothandiza kwambiri n'lakuti linali pati. Lili gone pamwamba pa dothi lakuda pafupi ndi khola lakale, mwina ndi ng'ombe. Latulukira m'kati mwa thanthwe, mchenga wolimba utalimamatira, imani kaye.

Mtengo wosanduka mwala umaoneka bwanji?

Ngati chikuni chomwe mukafuna kuchinyamula chikukana. Mizere ya m'litali, mfundo, nthawi zina mikombero ya zaka, zonse zimaoneka, koma mpeni suulowa ndipo chidutswa chake chimakanda galasi la botolo, chifukwa nthawi zambiri ndi silica. Ku Zambia, m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka kupita ku Chirundu, kuli malo otetezedwa omwe mathunthu otere ali mbwee, ndipo m'chigawo cha Tete alikonso ambiri. Chenjerani ndi gneiss, yemwenso ali ndi mizere. Mizere yake imakhala yakuda ndi yoyera mosinthana, yopindikapindika, yonyezimira tinthu ngati mamba a nsomba.

Ndi zinthu ziti zomwe zimanyenga anthu kawirikawiri?

Choyamba ndi "katsamba" kakuda kojambulika pamwala, kokhala ndi nthambi zokongola ngati ndere. Si chomera. Ndi manganese yemwe anayenda ndi madzi mumng'alu n'kuuma, ndipo amatchedwa dendrite. Tsamba lenileni limakhala ndi mtsempha wapakati ndi m'mphepete moonekera.

Chachiwiri ndi "dzira la dinosaur". Pafupifupi nthawi zonse limakhala concretion, mpira wa mchenga kapena dongo womwe mchere unaumata mozungulira kanthu kena. Ina ili ndi ming'alu yodzaza zoyera, n'kumaoneka ngati chigoba cha fulu. Dzira lenileni limakhala ndi chikhungwa chopyapyala chofanana paliponse, cha timabowo tating'ono. Komabe musaitaye msanga miyala yobulungirayi: m'miyala ya mtundu wa ku Chiweta ndi ku Luangwa, zigaza zimakonda kubisala m'kati mwa mabulungwa otere, kansonga koyera kokha katatulukira.

Pali lubwe, wofiira, wa mabowomabowo, yemwe ambiri amamuyesa fupa. Pali timiyala toyera ta laimu ta m'madambo, tokhala ngati mizu kapena zala. Palinso zotsalira za ng'anjo za makolo osula zitsulo, zakuda, zolemera, zooneka ngati phula louma, zomwe anthu amabwera nazo akuti zagwa kumwamba. Zimenezi si fossil, koma ndi mbiri, ndipo malo ake ndi oyenera kunenedwa. Chimodzimodzi miyala yosemedwa m'mphepete: kwa Mwanganda ku Karonga, katswiri wa zinthu zakale J. Desmond Clark anakumba m'ma 1960 n'kupeza zida zamiyala pamodzi ndi mafupa a njovu.

Mwala wanga ukunyezimira ngati golide. Ndalemera?

Mwina ayi. Pyrite wapusitsa anthu ambiri, ndipo alipo omwe anagulitsa ng'ombe kuti agule thumba lake. Golide ndi wofewa: mpeni umamudula, nyundo imamuphwatalala. Pyrite ndi wolimba kuposa mpeni ndipo mukamumenya amaphwanyika n'kununkha ngati machesi. Khutizani mwalawo kunsi kwa kapu yadothi, komwe sikunapakidwe: golide amasiya mzere wachikasu, pyrite wakuda mobiriwira. Tonyezimira topepuka ta mumchenga wa mumtsinje, tomwe timasendeka ndi chikhadabo, ndi mica.

Mayeso omwewa amathandiza kudziwa chomwe chinalowa mu fossil yanu. Dontho la viniga likachita thovu, ndi calcite. Mpeni ukaterereka osasiya chipsera, ndi silica. Yesani pakona yobisika, osati pankhope. Za miyala ya mtengo wapatali funsani ku Geological Survey Department ku Zomba.

Ndapeza fupa likutulukira m'chigwembe. Ndichite chiyani?

Musalizule. Tikudziwa kuti manja amayabwa, koma fupa lomwe lagona zaka mamiliyoni limakhala ndi ming'alu yosaoneka, ndipo dothi lolizinga ndilo likuligwira. Mmodzi wa ife, adakali wachinyamata, anakoka nthiti yomwe inali yathunthu bwinobwino, n'kutsala ndi zidutswa zodzaza chipewa zomwe palibe anatha kuzilumikiza. Akatswiri amakumba mozungulira, amathira mankhwala olimbitsa, n'kukulunga fupa ndi dothi lake lomwe m'masaka oviika mu pulasitala, monga amachitira ndi mwendo wothyoka kuchipatala.

Inu jambulani. Chithunzi chimodzi chapafupi, mutaika ndalama yachitsulo kapena bolopeni pambali kuti kukula kudziwike. China mutabwerera m'mbuyo kuti zigawo za thanthwe zioneke. China choonetsa phiri kapena mtengo wodziwika. Sungani malowo pa mapu a pafoni. Lembani tsiku. Kenako uzani mwini munda ndi amfumu, ndipo nkhaniyo ifike ku nthambi ya boma ya Museums and Monuments, ku myuziyamu ya ku Karonga kapena ya ku Chichiri ku Blantyre, kapena ku ofesi ya DC. Malo enieniwo musawaike pa Facebook.

Chifukwa chiyani mumalimbikira za malo? Fupa si fupa basi?

Ayi. Fupa lofika m'jumbo popanda wodziwa kumene linachokera lataya zambiri zomwe likanatiuza. Msinkhu wake uli m'chigawo cha thanthwe momwe linagona. Ngati nyamayo inafera pomwepo kapena inakokoloka ndi madzi, zimadziwika ndi mmene mafupa anayalikira. Zomwe inkakhala nazo pafupi zimadziwika ndi timano ndi tizigoba tomwe wokumba mothamanga amataya ndi fosholo. Ndipo pomwe patuluka nthiti imodzi pangakhale nyama yonse. Malo akaiwalika, yonseyo yapita.

Amadziwa bwanji kuti chinthu chili ndi zaka mamiliyoni?

Osati ndi carbon dating yomwe ambiri anamva, chifukwa imeneyo imalekera pa zaka pafupifupi 50,000. Kwa zakale kwambiri amayeza phulusa la mapiri ophulika lomwe lili pamwamba ndi pansi pa fupalo, popeza muli timiyala tomwe uranium kapena potassium wake amasintha pa liwiro lodziwika.

Ku Chiwondo phulusa lotere n'losowa, ndiye anagwiritsa ntchito nkhumba. Mano a nkhumba zam'tchire zakale ankasintha maonekedwe m'kupita kwa nthawi, akutalika ndi kuchuluka timitu, ndipo ku Kenya ndi ku Ethiopia mano omwewo anapezeka pakati pa phulusa loyezedwa. Dzino la nkhumba la ku Uraha likafanana ndi la kumeneko, msinkhu wa thanthwe wadziwika. Ndiye onani: nsagwada yotchuka ija msinkhu wake unadziwika chifukwa cha mano a nkhumba omwe wina akanatha kuwaponda n'kudutsa.

Kodi ndingasunge kapena kugulitsa zomwe ndapeza?

Ku Malawi, lamulo la Monuments and Relics Act limaika ma fossil m'gulu la zinthu zotetezedwa. Kukumba kumafuna chilolezo cha boma, kutulutsa kunja kwa dziko chimodzimodzi, ndipo wopeza ayenera kunena. M'malo osungira nyama ngati Lengwe kapena Nyika simuloledwa kutola kanthu. Ku Zambia zimenezi zili m'manja mwa National Heritage Conservation Commission, ndipo ku South Africa lamulo la 1999 limaletsa kutola fossil popanda chilolezo. Abale omwe ali ku Britain adzaona zosiyana: pagombe la Lyme Regis anthu amatola zomwe zagwa kale paphompho, koma kukumba phompholo n'koletsedwa.

Mlendo akabwera m'mudzi ndi ndalama kufuna "miyala ya mafupa", kumbukirani chigaza cha munthu wakale cha ku Kabwe, ku Zambia. Chinapezeka mumgodi mu 1921, chinapita ku London, ndipo Zambia yakhala ikuchipempha kwa zaka zambiri.

Nanga ngati mafupawo ndi a munthu?

Musagwire chilichonse. Pitani kwa amfumu ndi kupolisi tsiku lomwelo. Mitsinje imagumula manda akale, ndipo dziko lathu linadutsa m'nyengo yowawa ya kuphedwa kwa anthu achialubino ndi kufukulidwa kwa manda awo, zomwe zinachititsa kuti mu 2016 malamulo okhudza kupezeka ndi ziwalo za munthu akhwimitsidwe. Munthu wopezeka ndi mafupa m'chikwama sapatsidwa nthawi yofotokoza za sayansi. Ichi n'chifukwa chinanso chosayendera m'minda ya eni mwakachetechete: yambani mwalonjera kwa amfumu, nenani chomwe mukufuna, ndipo muyende ndi munthu wa m'mudzimo.

Ndinyamule chiyani, ndipo ndipite liti?

Madzi akumwa, chipewa, nsapato zotseka, kope ndi pensulo, foni, burashi ya penti, kagalasi kokulitsira zinthu. Nyundo si yofunika. Ntchito yaikulu ndi kuyenda pang'onopang'ono maso ali pansi. Mvula ndiyo imakumba, inu mumabwera pambuyo pake, kuyambira mu May mpaka dzuwa la October lisanafike poipa. Udzu ukapsa pansi pamaoneka bwino, ndipo m'mawa kapena madzulo, dzuwa likamawala chopendekera, tinthu tating'ono timakhala ndi mthunzi. Musaime pansi pa chigwembe chomwe chalendewera, musalowe m'khwawa kumtunda kukuchita mdima, musalowe mumgodi wosiyidwa, ndipo mwala muziugubuduzira kwa inu kuti chinkhanira kapena mphiri ithawire kwina.

Kachidutswa komwe ndinatola kale ndikatsuke bwanji?

Ndi mswachi wouma ndi chotokosera mano. Madzi amafufumitsa dongo lomwe lili m'ming'alu, fupa n'kusweka, zidulo zimadya, vanishi ndi guluu wamphamvu zimavuta kuchotsa ndipo akatswiri amadandaula nazo kwambiri. Mtengo wa silica wokha ndiwo umapirira madzi ndi sopo. Chilichonse chokhala ndi pyrite chisungeni pouma, chifukwa chinyezi chimachisandutsa ufa woyera wonunkha. Kulungani m'pepala lofewa, ndipo m'bokosimo muike kapepala konena malo, tsiku ndi wopeza, ngakhale mukuganiza kuti simungaiwale. Kenako kachionetseni ku myuziyamu, monga tanenera pamwambapa.

Ine sindinapite ku koleji. Kodi zomwe ndingapeze zingakhale ndi ntchito?

Mary Anning wa ku Lyme Regis anali mwana wa kalipentala, ndipo anali ndi zaka 12 pomwe iye ndi mchimwene wake Joseph anatulutsa m'phompho chinyama cham'nyanja chotchedwa ichthyosaur m'zaka za 1811 ndi 1812. Akatswiri a ku London ankabwera kudzaphunzira kwa iye. Nsagwada ya ku Uraha inaonedwa ndi Tyson Msiska, Mmalawi wa m'gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage.

Akatswiri amabwera milungu yowerengeka pachaka, zaka zina osabwera n'komwe. Fupa lomwe mvula ya January yavundukula limatha kuphwanyika mvula ziwiri kapena zitatu zisanadutse. Amene amadutsa pachigwembe chimenecho tsiku ndi tsiku ndi mbusa, mayi wopita kukatola nkhuni ndi mwana wa sukulu. Aphunzitsi a m'madera amenewa angachite zambiri ndi fupa limodzi la ng'ombe loswedwa pakati, dzino limodzi, ndi nambala ya foni ya ku myuziyamu yolembedwa pakona ya bolodi.